Kusintha njira digiri ili kale m'manja

Mwambo wopereka madigiri ukatha ku Great Hall ku Zomba, kapena ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Ndata, aliyense amadziwa chochita. Amayi amaimba nthungululu, azakhali amavina atamanga chitenje chatsopano, wojambula zithunzi amapha makwacha, gawuni yobwereka ija n'kubwezedwa. Chimene palibe amadziwa chochita nacho ndi chaka chotsatira. Ena mwa anyamata ndi atsikana amenewa amakakhala kwa achimwene awo ku Area 25 kapena ku Ndirande, n'kumatha nsapato poyendetsa maenvelopu akhaki m'maofesi. Ena amaipeza ntchito imene adaiphunzira, koma pakangotha miyezi ingapo amazindikira chinthu chovuta kuchitchula pagulu: ntchitoyo sikuwakomera, ndipo mtima ukukana kuti akalambire pamenepo. Onsewa amafika pa funso limodzi, loti kodi njira ndidatenga ija ndi yangadi, ndipo amachita nalo manyazi ngati kuti kulifunsa ndi kunyoza makolo amene adagulitsa ng'ombe kuti fizi ipezeke. Ine ndikuti funsoli ndi loyenera ndipo likubwera pa nthawi yake. Amene amaonongeka kwambiri ndi uja amakhala pansi zaka zitatu kapena zinayi kudikira ntchito yofanana dzina ndi digiri yake. Komabe kusintha njira kuli ndi kachitidwe kake, ndipo malangizo amene afala masiku ano, aja oti ungotsata chimene mtima wako ukukonda, kapena oti usafune ntchito koma udzilembe wekha, angathe kumusiya munthu pamavuto oposa amene akuwathawa.

Tiyambe taona mmene chisankho choyamba chija chidapangidwira. Mwana amasankha maphunziro ake ali mu Fomu 3, ali ndi zaka 15 kapena 16. Ngati ali pasukulu yoyendera yopanda labotale, kapena pomwe mphunzitsi wa masamu adasamutsidwa osabwera wina, ndiye kuti zitseko za udokotala ndi uinjiniya zamutsekekera iye asanadziwe n'komwe kuti kuli zitseko zotero. Mayeso a MSCE akatuluka, amadzaza fomu ya bungwe la NCHE, n'kulemba maphunziro amene akufuna motsatira ndondomeko, koma chimene chimagamula ndi mapointi ake komanso kuchuluka kwa malo. Ambiri amapezeka atumizidwa ku maphunziro amene adalemba kumapeto kwa fomu pongofuna kuti dzina lawo lisasowe pamndandanda. Palibe amene amakana malo a ku yunivesite ya boma chifukwa choti maphunzirowo sakumusangalatsa. Kumudzi angamuyese wamisala. Onjezani kuti ntchito zimene mwana wa ku Nthalire kapena ku Makanjira adazionapo ndi maso ake ndi zowerengeka: uphunzitsi, unamwino, upolisi, ulangizi wa zaulimi, mwinanso ubusa. Choncho chimene timachitcha chisankho cha mwanayo chidapangidwa ndi mapointi, sukulu imene adagwera, malangizo a amalume ndi mantha osiyidwa. N'zodabwitsa kuti timayembekezera munthu wa zaka 25, amene tsopano waona tauni, wawerenga, wagwirako ntchito, kuti amangike moyo wake wonse ndi fomu imene adadzaza asanayambe kumeta ndevu.

Vutoli si lathu lokha, ndipo kumene adalifufuza bwino zotsatira zake zimatiphunzitsa kanthu. Katswiri wa zachuma Ofer Malamud adayerekeza ophunzira a ku England ndi a ku Scotland. Ku England wophunzira amasankha phunziro limodzi asanalowe n'komwe m'yunivesite, ndipo amakhala nalo zaka zitatu. Ku Scotland digiri imatenga zaka zinayi, ndipo zaka ziwiri zoyambirira wophunzira amalawako maphunziro osiyanasiyana asanakhazikike pa limodzi. Malamud adapeza kuti a ku England, amene adasankha msanga, ndiwo ankasiya kwambiri ntchito za m'gawo limene adaphunzira n'kupita kwina akamaliza sukulu, ngakhale kusinthako kunkawadyera malipiro poyamba. Tanthauzo lake n'loti munthu sangadziwe chimene chikumuyenera asanachiyese, ndipo akakakamizidwa kusankha msanga, kukonza kwake kumangobwera mochedwa. Ku America nako, mu 2013 akatswiri awiri a ku Federal Reserve Bank of New York adawerengera kuti mwa anthu 100 aliwonse a digiri yoyamba, 27 okha ndi amene ankagwira ntchito yogwirizana kwenikweni ndi zimene adaphunzira. Kumeneko ndi kudziko kumene ntchito zilipo zambiri. Dongosolo lathu lili pafupi ndi la ku England kuposa la ku Scotland, ndiye sitiyenera kudabwa tikaona wa digiri ya zaulimi akugwira ntchito kubanki kapena wa digiri ya uphunzitsi akuwerenga nkhani pawailesi.

Makolo amene amakwiya akamva mwana wawo akufuna kusiya njira ya digiri yake sakukwiya popanda chifukwa. Iwo adakula nthawi imene digiri inalidi kiyi wa ofesi. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, idayamba ndi ophunzira pafupifupi 90, ndipo dziko longolandira kumene ufulu linkasowa anthu oti alowe m'malo mwa azungu amene ankachoka m'maofesi a boma. Womaliza maphunziro ankapeza ntchito ikumudikira, kawirikawiri ndi nyumba yomwe. Boma, ADMARC, Press, njanji ndi mabanki zinkameza aliyense wotuluka. Chithunzi chimenecho chidakhazikika m'mitu ya anthu, koma dziko lidasintha. Sukulu yaulere ya pulayimale idayamba mu 1994, yunivesite ya Mzuzu idatsegula zitseko mu 1999, Bunda idaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST idayamba kuphunzitsa mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka MUBAS pomwe sukulu za udokotala ndi unamwino zidapanga KUHeS. Pamwamba pa izi pali mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, theka la iwo osakwana zaka 18. Koma kafukufuku wa boma wa za ntchito wa mu 2013 adaonetsa kuti anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito ali pantchito zopanda kalata yolembedwera, zopanda penshoni, za kumunda, kumsika ndi m'misewu. Madigiri akuchuluka chaka ndi chaka pamene madesiki sakuonjezekera molingana nawo.

Ngakhale njira zimene tinkati n'zotetezeka zaonetsa kuti zimagwedezeka. Aphunzitsi ophunzitsidwa ndi ndalama za boma akhala akudikira zaka kuti boma lomwelo liwalembe ntchito, pamene kalasi imodzi ikukhala ndi ana oposa 100. Anamwino nawonso akhala akudikira kunyumba zipatala zikulira kuchepa kwa antchito, chifukwa thumba la malipiro a boma lili ndi malire ake. ADMARC, imene kale kulembedwako kunali ngati kulowa m'nyumba ya njerwa zootcha, idachotsa antchito ambirimbiri mu 2022. Mabungwe omwe si aboma, amene achinyamata ambiri ankawalota chifukwa cha magalimoto oyera ndi maalawansi, adagwedezeka koopsa kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID. Amene ali pantchito naye adaona malipiro ake akusungunuka kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Boma lidayambitsa mu 2018 ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi ake kuti akaphunzire ntchito akulandira kangachepe, ndipo pachisankho cha 2020 kudamveka lonjezo la ntchito 1 miliyoni. Zonsezi sizidasinthe masamu aja. Choncho munthu akamati akuopa kusintha njira chifukwa n'kuika moyo pachiswe, afunsenso ngati kumene waimako kuli kolimba monga akuganizira.

Kudikira kumaoneka ngati kosawononga kanthu, chifukwa wodikira satulutsa ndalama m'thumba. Koma kuli ndi mtengo wake. Luso limene silikugwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri, makamaka la makompyuta ndi la mawerengero. Chaka chilichonse kumatuluka gulu lina la madigiri atsopano, ndipo wolemba ntchito akaona CV yokhala ndi zaka zitatu zopanda kanthu amayamba kudzifunsa mafunso amene sawanena pa intavyu. Choopsa kwambiri n'choti wodikira amasowa pamaso pa anthu. Katswiri wa za kakhalidwe ka anthu Mark Granovetter, atafufuza mmene anthu a m'tauni ina pafupi ndi Boston adapezera ntchito zawo, adaona kuti ambiri mwa amene adathandizidwa ndi munthu wina adamva za ntchitoyo kwa anthu ongodziwana nawo patalipatali, osati abwenzi apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: abwenzi apamtima amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale, pamene wodziwana naye patali amayenda m'mabwalo ena. Kwathu kuno timadandaula kuti ntchito zimayendera kudziwana, ndipo mbali ina ya dandauloli ndi katangale weniweni amene ayenera kudzudzulidwa. Koma mbali ina ndi yoti munthu wogulitsa mbewu m'sitolo ya zipangizo zaulimi ku Kasungu amakumana ndi alimi akuluakulu, alangizi ndi oyendetsa mapulojekiti tsiku lililonse, pamene mnzake wa digiri yomweyo amene wakhala pakhonde ku Chilinde kudikira nyuzipepala sakumana ndi aliyense. Alcinda Honwana, katswiri wa ku Mozambique amene mu 2012 adalemba buku la achinyamata a ku Mozambique, Senegal, South Africa ndi Tunisia amene akanirira pakati pa ubwana ndi ukulu, adaonetsa kuti ambiri a iwo sangokhala manja lende, amatakata m'njira zosiyanasiyana. Amene amavutika kulowa m'kutakata kumeneku nthawi zambiri ndi wa digiri, chifukwa pepala lija limamuuza kuti ntchito zina n'zomuchepera.

Wina anena kuti kusintha njira n'kutaya zaka zinayi, fizi yonse ija, ndi ngongole ya boma imene iyenera kubwezedwabe. Maganizo amenewa ali ndi mphamvu pa munthu aliyense, ndipo akatswiri a za maganizo adawayesa. Mu 1985 Hal Arkes ndi Catherine Blumer adafalitsa zimene adapeza ku Ohio University, kumene anthu ogula matikiti oonera zisudzo chaka chonse ena adalipitsidwa mtengo wonse, ena n'kuwatsitsira mwamwayi chabe. Amene adalipira mtengo wonse adapita ku zisudzo zambiri m'miyezi yoyambirira kuposa anzawo aja, ngakhale zisudzo zake zinali zomwezo. Chimene chinkawadzutsa pampando chinali ululu wa ndalama imene idapita kale. Zaka zinayi za ku koleji nazo zidapita, ndipo sizibwerera kaya munthu akhale m'njira yomweyo kaya apatuke. Ngongole ija idzabwezedwa ndi ndalama, ndipo ndalama ya kuulimi wa tomato ndi ya kuofesi zimalandiridwa chimodzimodzi. Funso lothandiza ndi la zaka 35 zimene zili kutsogolo. Komanso si zoona kuti wopatuka amasiya zonse. Amene adalemba kafukufuku wa chaka chomaliza amadziwa kusonkhanitsa umboni, kulemba lipoti lomveka, kuwerenga mgwirizano asanasaine, kuyankhula pamaso pa anthu. Zinthu zimenezi amapita nazo kulikonse, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa mlimi wa nkhuku amene amadziwa kuti thumba la chakudya likumubweretsera zingati ndi amene amangoona ndalama zikulowa n'kutuluka.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi cha banja, ndipo ichi sindikufuna kuchipeputsa. M'mabuku ambiri a malangizo ochokera kumaiko olemera, digiri ndi katundu wa mwini wake. Kuno digiri ndi ya mtundu. Pali mlongo amene adasiyira sukulu panjira kuti ndalama zikwanire mmodzi, pali amalume a ku Joni amene ankatumiza ya chakudya, pali amayi amene adalowa banki mkhonde katatu. Anthu amenewa adaika chuma chawo mwa munthu mmodzi, ndipo ali ndi ufulu womufunsa kumene akupita nacho. Wachinyamata amene angayankhe kuti moyo ndi wake yekha akunama, ndipo iye mwini akudziwa. Koma tiyeni tifunse bwino chimene banja lidagula. Lidafuna kuti adzalipirire fizi ang'ono ake, adzafolere nyumba ndi malata, adzathe kutumiza ya mankhwala agogo akadwala, adzaimirire pamaliro. Palibe mwa zimenezi chimene chimafuna kuti ndalama ichokere pa ntchito yotchulidwa pa satifiketi. Ngongole ya kubanja ndi ya thandizo, ndipo amene wakhala zaka zinayi osatumiza ngakhale paketi ya shuga poteteza ulemu wa digiri yake sakuibweza ngongoleyo, ngakhale akhale womvera chotani.

Chimene chimavuta n'choti pambali pa thandizo, banja limafunanso ulemu, ndipo ulemu umayendera maso a anthu. Kholo limafuna kunena kutchalitchi kapena kumzikiti kuti mwana wanga ali ku Capital Hill, ndipo kunena kuti akuwotcherera mageti ku Biwi kumalilemera pakamwa ngakhale wowotchererayo azipeza kawiri kuposa wa ku Capital Hill. Taonani zimene zidachitika kumapeto kwa 2023, pamene achinyamata mazanamazana adakwera ndege kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, nkhondo ili mkati. Ntchito yake ndi ya kumunda yomweyo, yothyola zipatso ndi kusamala mbewu, imene wachinyamata wophunzira akaigwira ku Mchinji anthu amati sukulu idamukanika. Kusiyana kwake ndi ndege ndi ndalama yakunja. Izi zikundiuza kuti manyazi athu pa ntchito zina ndi osazama monga timaganizira, ndipo amasungunuka msanga phindu likaoneka. Choncho wofuna kupatuka asapite kwa makolo ndi nkhani ya zimene mtima wake ukumva, chifukwa kwa munthu amene adalima fodya zaka 30 osafunsidwa ngati akuukonda, nkhani imeneyo ndi yachibwana. Apite ndi ziwerengero ndi nthawi: ndikufuna kuyesa chakuti kwa chaka chimodzi, chidzafuna ndalama zakuti, fizi ya mng'ono wanga ndizilipira motere, ndipo zikakanika pofika mwezi wakuti ndidzachita chakuti. Ndi bwinonso kuyamba wakambirana ndi amalume kapena azakhali amene mawu awo amamveka pabanjapo, monga timachitira ndi nkhani ina iliyonse yaikulu.

Tsopano mbali inayo. Pamisonkhano ya achinyamata, andale ndi alaliki a zachuma amakonda kunena kuti wophunzira asamafune ntchito koma azilemba ena ntchito. Onena zimenezi ambiri amakhala ali pamalipiro a mwezi ndi mwezi. Bizinesi ndi ntchito yofuna luso lakelake, ndipo si aliyense ali nalo, monganso si aliyense angakhale namwino. Umboni wabwino pankhaniyi udachokera kumpoto kwa Uganda, kumene mu 2008 boma lidapereka ndalama zosabweza, pafupifupi madola 400 pa munthu, kwa magulu a achinyamata kuti aphunzire ntchito zamanja ndi kugula zipangizo. Christopher Blattman ndi anzake adawatsatira. Patatha zaka zinayi, olandira ndalama aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo amene sadalandire. Patatha zaka zisanu ndi zinayi, kusiyana kuja kudali kutatha, chifukwa osalandirawo adapeza njira zawo pang'onopang'ono n'kuwapeza anzawo. Mpamba umathandiza, koma suchita zozizwitsa, ndipo kumbukirani kuti imeneyo inali ndalama yaulere. Wachinyamata wa kuno amene akutenga ngongole ku thumba la ngongole la boma, kapena choipitsitsa kwa akatapira, kuti ayambe geni imene sadayambe waigwirapo, mumsika umene anthu khumi akugulitsa kale kaunjika yemweyo, akuonjezera ngongole yachiwiri pamwamba pa ya sukulu. Kukonda chinthu nakonso si umboni woti anthu adzakulipira ukamachichita.

Pali kafukufuku wina amene okonda kulimbikitsa anthu kusiya ntchito amamutchula kawirikawiri. Steven Levitt wa ku University of Chicago adapempha anthu amene ankakayikakayika pa zisankho zikuluzikulu, monga kusiya ntchito, kuti khobidi loponyedwa m'mwamba liwagamulire, ndipo anthu zikwi zambiri adavomera. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene adasintha ankanena kuti ndi osangalala kuposa amene adakhala pomwepo. Ndimakhulupirira kuti zotsatirazi zikunena zoona zina zokhudza anthu tonse, zoti timakonda kukakamira pamene tazolowera kupitirira muyeso. Koma anthu amene adafufuzidwawo ambiri anali a kumaiko kumene wosiya ntchito Lachisanu angathe kupeza ina mwezi usanathe. Kuno wosiya ntchito ya boma mopupuluma mwina sadzaionanso, ndipo pambuyo pake pali anthu asanu ndi awiri amene amadya malipiro ake. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Langizo loti ungolumpha ndi la anthu amene ali ndi powagwira akagwa, monga ana a mabanja opeza bwino, ndipo n'kulakwa kulipereka kwa mwana woyamba kufika ku yunivesite pamtundu wawo ngati kuti onse aima pamalo amodzi.

Njira imene ndikuiona yanzeru ili pakati pa kudikira ndi kulumpha, ndipo ndi yoyesa pang'onopang'ono. Herminia Ibarra, amene adafufuza anthu osintha ntchito n'kulemba buku lake mu 2003, adapeza kuti amene zidawayendera sadayambe ndi kukhala pansi kudzifufuza mumtima mpaka atapeza yankho. Adayamba ndi kuchita tinthu ting'onoting'ono m'gawo latsopanolo, kudziwana ndi anthu ake, kenaka n'kuona ngati akukwanamo. Kwathu kuno zimenezi n'zotheka ndithu. Mphunzitsi amene akuganiza za ulimi wamthirira abwereke theka la ekala nyengo imodzi yachilimwe, alembe ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, aone ngati kudzuka mbandakucha kukatsegula madzi akukupirira. Wa digiri ya zachuma amene amakopeka ndi zamagetsi adzuwa azitsatira mmisiri Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, akwere padenga, amve kutentha kwa malata. Wofuna utolankhani alembe nkhani zisanu azitumize, aone ngati mkonzi aliyense angaziyankhe. Kuyesa kwabwino kumakhala ndi malire a nthawi, kumadya ndalama zimene munthu angathe kuzitaya osagona ndi njala, ndipo kumafika pamene mlendo, osati wachibale, watulutsa ndalama yake kulipira ntchitoyo. Mlendo akalipira kawiri, pali chinachake. Abale akamangoyamikira koma osagula, nawonso ndi uthenga.

Njira zophunziranso zilipo zambiri kuposa zimene achinyamata amadziwa. Mayeso a ICAM a zowerengera ndalama munthu amatha kuwalemba ali pantchito ina. Wa digiri yopanda maphunziro a uphunzitsi angathe kuonjezera satifiketi ya uphunzitsi. Makoleji a ntchito zamanja a Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene idakhazikitsidwa mu 1999, saletsa munthu chifukwa choti ali ndi digiri, ndipo wophunzira amene angathe kuwerengera mtengo wa ntchito, kulemba kalata yopempha kontrakiti ndi kugwira chitsulo nthawi imodzi ndi wosowa pamsika. Chenjezo langa lili pa digiri yachiwiri. Ambiri amathamangira masitazi chifukwa sukulu ndi malo okhawo amene amadziwa kupambanako, ndipo imawapatsa yankho laulemu anthu akafunsa chimene akuchita. Ngati munthu sangatchule ntchito yeniyeni imene pepala lachiwirilo lidzamutsegulire, akungogula zaka ziwiri zina za kudikira pamtengo wokwera. Ndiyeneranso kunena kuti si madigiri onse amene amasiyika mofanana. Dokotala, namwino kapena loya amene watuluka m'ntchito yake kwa zaka zambiri amavutika kubwerera, chifukwa ntchito zimenezi zili ndi mabungwe oziyang'anira ndi ziphaso zofuna kukonzedwanso. Iyeyu ayambe wayang'ana makomo a m'nyumba momwemo, monga kafukufuku, kuphunzitsa kapena utsogoleri wa zaumoyo, asanaganize zotulukiratu.

Nkhani ya ntchito simayenda yokha, imakokana ndi zolinga zina za moyo. Achinyamata ambiri amatuluka m'koleji ali ndi kalendala m'mutu: ntchito pa zaka 24, galimoto pa 26, ukwati pa 27, poloti pa 30. Kalendala imeneyi idalembedwa nthawi imene thumba la simenti ndi malipiro a mwezi zinkayenderana, ndipo lero imalimbikitsidwa ndi zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp, kumene palibe amaika chithunzi cha kalata ya ngongole imene idagulira galimotoyo. Amene akuganizanso za njira yake ayenera kuiunikanso kalendala imeneyi, chifukwa zolinga zina zimatseka zinzake. Ngongole ya galimoto imamumangirira munthu pa ntchito imene akufuna kuisiya. Ukwati wa alendo 500 umadya mpamba wa zaka ziwiri tsiku limodzi. Kwa atsikana chikakamizo n'chowirikiza, chifukwa mafunso a azakhali okhudza banja amayamba gawuni isanabwezedwe, ndipo mtsikana amene akufuna zaka ziwiri zoyesa njira ina amauzidwa kuti nthawi ikumuthera. Sindikunena kuti ukwati kapena nyumba zidikire mpaka zonse zitalongosoka, popeza sizidzalongosoka zonse. Ndikunena kuti munthu asiyanitse zolinga zimene akuzifunadi ndi zimene akuzithamangira kuti anzake a m'kalasi asamuseke, ndipo amene ali pachibwenzi akambirane nkhani ya kusintha ntchito chinkhoswe chisanachitike.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ambiri, ndipo chimafuna kudekha. Ntchito yoyamba pafupifupi kulikonse imakhala yotopetsa. Watsopano ndiye amatumidwa kufotokopa, amalemba maminitsi, amapatsidwa kalasi imene ena onse aikana. Bwana wankhanza, malipiro ochedwa kapena malo akutali opanda magetsi zingamupangitse munthu kudana ndi ntchito imene m'malo ena akadaikonda. Njira yoyesera ndi kuyang'ana anthu amene ali zaka khumi patsogolo m'ntchito yomweyo, makamaka amene zikuwayendera bwino, n'kudzifunsa ngati tsiku lawo la ntchito ukulisirira. Ngati ukulisirira, vuto ndi malo, ndipo mankhwala ake ndi kusamuka kapena kupirira. Ngati ngakhale wopambana kwambiri m'ntchitoyo sakukusiririsa, vuto ndi njira yeniyeniyo.

Katundu yenseyu sayenera kusenzedwa ndi wachinyamata yekha. Zimene Malamud adapeza zikuloza ku mayunivesite athu ndi ku NCHE. Kusintha maphunziro pambuyo pa chaka choyamba kukadakhala ndi ndondomeko yodziwika ndi yosavuta, ambiri akadakonza chisankho chawo ali ndi zaka 19, pamtengo wa chaka chimodzi, m'malo mochikonza ali ndi zaka 26. Yunivesite iliyonse, ya boma ndi ya anthu wamba, ikadakakamizidwa kutsatira ophunzira ake n'kumalengeza poyera kuti mwa amene adamaliza maphunziro akutiakuti zaka ziwiri zapitazo, angati ali pantchito, ntchito yanji, ndipo akulandira zingati. Ziwerengero zimenezi zikadamatidwa pabolodi la sekondale iliyonse mafomu a NCHE asanadzazidwe, kuti mwana wa Fomu 4 ndi amalume ake azikangana akuona manambala.